Pepala limene ndinabisa m'chisoti

Chaka chimene nyanja inaphwa mpaka mabwato kugona pamatope pa Kachulu, ndinawauza akazi anga, Abiti Jafali, kuti basi, ndikupita ku Joni. Matemba kunalibe, mpunga unapserera. Amina wathu anali ndi zaka ziwiri. Iwo sanalire. Anangoti, "Pitani, koma mudzabwere muli inu nomwe."

Ku Joni ndinkatsitsa matumba a ufa pashopu ina, kugona anthu asanu chipinda chimodzi. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe, pafoni n'kumati zonse zili bwino. Koma Lamlungu, abale, Lamlungu kumeneko ndi lalitali. Ndiye panali mayi wina wogulitsa mandasi pageti. Sindimunena zambiri, sanandikoke ndi chingwe. Patapita masabata ndinayamba kumva kuwotcha pokodza, pang'ono chabe. Mnzanga wa m'chipinda anandipatsa makapisozi, ndinamwa awiri, kuwotcha kunasiya, ine n'kuti zatha. Mwezi wotsatira ndinabwera kudzadya Idi kumudzi.

Kwathu kuno, mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa mwamuna wake. Ndiye tsiku limene ndinafika, amayi anga anachoka kumudzi kwawo dala kudzakhala pafupi ndi moto, maso ali pa mphika. Abiti Jafali anatapa mchere ndi dzanja lawo, kuthira, onse tikuona. Ine ndinadya mpaka kunyambita zala. Ndikaganiza pano, inetu palibe anandiyang'ana m'manja.

Ndinabwereranso ku Joni. Zaka zisanu ndi zitatu zitakwana ndinabwera kotheratu, ndi njinga yamoto ndi malata. Chaka chinatha, china, chinanso, mimba osaoneka. Amayi anayamba: "Amina akhala yekha ngati dzungu la m'chiputu?" Mizu anawamwetsa akazi anga mpaka kusanza. Pomaliza tinakwera minibasi kupita ku chipatala china ku Zomba, amayi anga nawo akuti akamve okha.

Anatitenga magazi tonse awiri, kutiuza tsiku lobwerera. Tsikulo adokotala, mzimayi wa magalasi, analowetsa ife awiri okha, amayi anatsala pabenchi. Anatipatsa aliyense pepala lake.

"Matendawa dzina lake klamidiya," anatero. "Amapatsirana pogonana, ndipo ambiri samva kanthu kalikonse. M'magazimu sitikuona kachilomboko, tikuona asilikali amene thupi linapanga polimbana nako. Nonse awiri muli nawo."

Ndinafunsa, "Ndiye anayamba ndani?"

"Bambo, magazi sanena kuti ndani kapena liti. Amangokumbukira kuti kanadutsa. Kuti tidziwe ngati kakadalimo tiyeza mkodzo, ndipo mankhwala mumwa nonse. Akazi anuwa tidzawaunikanso njira za mazira, chifukwa nthawi zina kamasiya zipsera zimene zimatseka."

Magazi sanena. Ine mawu amenewo ndinawagwira ngati munthu womira. Tikutuluka, pepala langa ndinalipinda kanayi, kuliika m'chisoti changa cha kumzikiti, kuvala.

Amayi anadzuka pabenchi. "Apeza chiyani?"

"Apeza kuti m'magazi mwa akazi angawa munadutsa matenda opatsirana."

Bodza sindinaname, eti? Ndi zimene ndinkadziuza m'minibasi njira yonse. Abiti Jafali anangoyang'ana pawindo, fumbi likuwalowa m'maso, osaphethira.

Titafika, amayi analowa kukhitchini, kutenga chibotolo cha mchere, kuchimanga pansonga ya chitenje. "Mwana wanga akuvutika kwa eni, inu muli kuno kuyendayenda? Lachisanu tikachoka ku mapemphero a Juma ndiitana ankhoswe. Ukwati uwu uonedwe."

Masiku atatu tinadya matemba opanda mchere. Amina anafunsa chifukwa chake, amake anati watha. Ine chisoti osavula, kutentha konse kuja kwa kunyanja. Kumzikiti ndikagunditsa chipumi pansi ndinkalimva pepala likuchita phokoso pamutu, ndimvekere, kodi oyandikana nanewa sakulimva? Ndinkati ndinena mawa. Mawa likafika, ndinkatinso mawa.

Lachisanu ankhoswe anakhala pamkeka pansi pa mango. Amayi anayankhula nthawi yaitali, pepala la akazi anga lili m'manja ngakhale kuwerenga sadziwa. Kenako amalume a Abiti Jafali anati, "Mwana wathu, wamva. Yankha."

Iwo anakonza mpango kumutu, kuyang'ana pansi. "Amalume, ine ndilibe zambiri. Mapepala anali awiri."

Basi, zokhazo. Ndikanakonda ndikanati ndinaulula ndekha, koma ayi, anachita kunditsegulira chitseko. Ndinavula chisoti. Pepala linali litanyowa ndi thukuta, inki yachita kufalikira. Ndinanena zonse: mayi wa mandasi, kuwotcha kuja, makapisozi awiri, Idi ija. Mawu anga ndinkawamva ngati akuchokera m'chitsime.

Amalume aja anati, "Ndiye achimwene, malata munabweretsa, njinga munabweretsa, ichinso munatitengera?" Palibe anaseka.

Abiti Jafali anati, "Mutabwerera ku Joni chaka cha Idi ija, m'mimba munandipweteka miyezi iwiri. Ndinakayika pomwepo. Pafoni ndinkati tili bwino, monga munkanenera inu."

Amayi sanandiyang'ane. Anamasula nsonga ya chitenje, munthu wamkulu ngati uja kugwada pamaso pa mpongozi wawo, kuwapatsa chibotolo cha mchere ndi manja awiri.

"Thirani, mayi. Ndakulakwirani."

Akazi anga analandira. "Ndithira. Za ukwati ndiyankha ndikabwerako kounikidwa. Koma awa adyere panja."

Sabata yamawa ndiwanyamula panjinga kupita kokwerera minibasi, ngati alola kukwera. Zimene adokotala akapeze sindikudziwa, zimene akazi anga adzayankhe sindikudziwanso. Pakali pano mbale yanga Amina amandiikira pafupi ndi thandala loyanikira nsomba, pamsewu, aliyense wopita kudoko akuona. Ena amapereka moni, ena amangothamangitsa njinga. Ine ndimadya. Mchere ulimo, wokwanira bwinobwino, ndipo umandivuta kumeza.