Chigoba cha Nkhono pa Khosi la a Lukafita

Ndikamva fungo la fodya wamuwisi, uja womata m'manja ngati phula, ndimakumbukira chaka chomwe ndinali Sitandade 7, ndipo ndimayamba kuseka ndekha ndisanafike pamene nkhaniyi imasiya kuseketsa. Ndineneretu kuti zonse ndinayambitsa ndine. Asakunamizeni munthu wina aliyense wa kwathu ku Santhe kuti anandithandiza. Nzeru zinali zanga, manja anali anga.

Inali nyengo yothyola fodya. Tinkadzuka mame ali mbwee, kuthyola masamba am'munsi, kuwatuta pamutu mpaka kuchigafa, kenako kuthamangira kusukulu zala zili bii, sopo atakanika. Zigafa zinkanunkha chinyontho ndi udzu wowola. Madzulo utsi wa mondokwa wootcha unkasakanikirana ndi kulira kwa udzudzu, ndipo panalibe khomo lopanda munthu wofunda bulangete masana chifukwa cha malungo.

Chingerezi ankatiphunzitsa a Mwale, bambo wamtali, woonda, wa taye imodzi yofiira yomwe inasuluka mpaka kufanana ndi dothi la pamsewu. Ife tinkawatchula a Lukafita, chifukwa cha phunziro la "look after" lomwe ankalikonda kuposa onse. Ankati mneni wa Chingerezi sakonda kuyenda yekha, amakweza kamawu kakang'ono pakaliyala, ndipo ukakweza kolakwika ukafika mudzi wina. Akatero ankamenya tebulo ndi rula, ife n'kumayimba pambuyo pawo: "We look after the children. We wait for the lorries. We listen to the elders." Zinthu zikakhala zambiri ankafuna amve mluzi wa "s" kumapeto kwa mawu, ndiye kalasi yonse inkachita sii ngati tayala loboola. Ine ndinkaukoka mluziwo mpaka mpweya kundithera, atsikana akutsogolo n'kumagwira pakamwa.

A Mwale omwewo ndi amene anabweretsa chigoba. Chinali chigoba cha nkhono yaikulu, chobooledwa, chomangidwa pachingwe chosokera fodya. Ukalankhula Chichewa pabwalo la sukulu, amene ali nacho ankakuveka m'khosi, iwe n'kuyamba kusaka wina. Wopezeka nacho Lachisanu poweruka ankazula chitsa kuseri kwa zimbudzi, chigoba n'kubwerera kwa a Mwale kudikira woyamba kugwidwa Lolemba. Chigobacho chinasokoneza maubwenzi. Pa buleki anthu ankadya mbatata mwakachetechete ngati ali pamaliro, ena ankalankhulana ndi zala, ndipo mwana wina wa alimi ochokera ku Mulanje anatha temu yonse osatsegula pakamwa.

Tsiku lina ndikuzula chitsa, matuza ataphulika, ndinadzifunsa kuti kodi lamuloli lili ndi mwini wake amene silingamugwire? Ndinalumbira pamaso pa anzanga kuti mvula isanathe, chigoba chidzagona pa taye yofiira ija. Anandiseka. Palibe amene anamvapo a Mwale akutulutsa liwu limodzi la Chichewa pasukulu, ngakhale pothamangitsa mbuzi.

Kuti ndiwaveke ndinayenera kukhala nacho ine. Choncho Lolemba lililonse m'mawa ndinkapita kwa amene wachivala, n'kumupatsa moni wa Chichewa chomveka bwino, wofunsa ndi za agogo ake omwe. Ankandiveka mwachimwemwe. Ndinkachisunga sabata yonse, Lachisanu n'kukazula chitsa changa. Pofuna kuti Chichewa chiwapulumuke, ndinaika chule m'bokosi la choko. Anangoti "Good heavens," n'kumutulutsa pawindo atamugwira mwendo. Ndinatolera linthumbu m'chitini n'kulikhuthulira pansi pa mpando wawo. Anavina, ndithu anavina, thalauzi akulikutumula uku ndi uku, koma anavina m'Chingerezi. Ndinamasula mpweya wa njinga yawo. Anaikankha mpaka kunyumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ya Chingerezinso.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Takondwa, kamtsikana kosayamba sukulu. Nyumba yawo inali kutsidya kwa bwalo la mpira, ndiye kankabwera kudzakhala pakhomo la kalasi yathu, miyendo ili tambalale, kakudya chimanga chokazinga cha m'thumba la diresi. Nyimbo yathu kankaidziwa kutiposa. Tikati "We look after," iko kankatsogola kukuwa kuti "chudureni," bambo ake n'kuyang'ana kudenga kuti tisaone kuti akumwetulira. Ine kankandikonda chifukwa cha chigoba. Kankachiika kukhutu n'kundiuza kuti muli mvula.

Sabata ina pakhomo paja panakhala popanda munthu. Tinamva kuti Takondwa wagonekedwa kuchipatala ndi malungo, mayi ake ali naye komweko. A Mwale ankagona kuchipatalako, m'mawa n'kupalasa njinga kudzatiphunzitsa, chifukwa mayeso anali pafupi. Maso awo anali ofiira, taye yopindika. Ine ndinaona zonsezo, ndipo ndinaganiza chinthu chimodzi chokha: munthu wotopa sachedwa kuterereka lilime.

Linali Lachinayi, kunja kukuwaza mvula yamawawa. Anandiimika kutsogolo pafupi ndi bolodi chifukwa cha mluzi wanga uja. Tili pakati pa nyimbo, pawindo panaima bambo wina wonyowa, mlamu wawo, chipewa chili m'manja. Sanalowe. A Mwale anapita pawindopo, mlamuyo n'kuwanong'oneza. Rula inagwa pansi. Anatembenuka, natiyang'ana ngati sakutidziwa, kenako anati ndi mawu otsika, "Mwana wanga ine. Ndamusiya akupuma m'mawa womwewu."

Mawuwo ndinawamva onse. Sindinganame kuti mvula inandisokoneza. Koma khutu langa linali litadikira nyengo yonse, ndipo chomwe linatola n'chakuti ichi n'Chichewa. Ndinavula chigoba, ndinadumpha, chifukwa anali wamtali, n'kuwakoleka. Chinagwera pa taye penipeni, monga ndinalumbirira. Ndinatembenukira kalasi mikono ili m'mwamba, ndikuseka. Ndinaseka ndekha. Mtsikana wina kumbuyo anali atayamba kale kulira.

A Mwale anaweramitsa mutu n'kuyang'ana chigobacho. Anachigwira ndi zala zoyera ndi choko, ndipo ndinakonzeka kulandira khofi. Sanandimenye. Sanachivulenso. Anatuluka mumvula, nakwera pakaliyala ya mlamu wawo ngati mwana, njinga yawo n'kuisiya chotsamira pakhoma.

Mawa lake sukulu yonse inapita kumaliro. Anyamata tinatuta nkhuni, atsikana madzi. Kabokosi kanali kakang'ono moti bambo mmodzi anakanyamula m'manja. Pamene azimayi a chigwirizano ankaimba, ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikusuzumira a Mwale atakhala pampando, atavala jekete lakuda. Pakolala pawo ndinaona kachingwe kosokera fodya kakulowa m'kati mwa malaya. Ndinamugunda mnzanga ndi chigongono kuti aone. Anasuntha n'kukakhala kwina.

Kunyumba amayi anandikwapula ndi nthambi ya bulugamu mpaka inathera m'manja. A hedi anaitana bambo anga n'kunena kuti mwana wotere sukulu siingamusunge. Koma a Mwale atabwerera anapempha kuti chilango apereke okha. Anali ndi kamunda ka fodya kuseri kwa nyumba, ndipo masamba anali atapsa m'munda masiku a matenda ndi maliro. Anandilamula kuti tsiku lililonse ndikaweruka ndizipita kukathyola ndi kusoka mpaka munda uthe.

Ndinatsala pang'ono kuwathokoza. Kusoka fodya ndinayamba ndisanaphuke mano achikulu. Poyerekeza ndi chitsa, amenewa anali masewera. Ndinkakhala pansi pa chigafa chawo ndikusoka, pakamwa posatseka. Ndinkawauza za chule uja, za linthumbu, ndi momwe anavinira, mpaka kuimirira kuwaonetsa. Iwo ankakhala pa mpando wa ndalema akundipatsira masamba. Kumeneko ankalankhula Chichewa, chokoma, cha kumpoto pang'ono. "Iwe Madalitso," anatero tsiku lina, "mutu uli nawo, koma unaukweza pakaliyala yolakwika." Akazi awo ankatuluka ndi mondokwa wootcha, kundipatsa, n'kuima pakhomo kumvetsera phokoso langa. Chigoba chinali pamsomali wa nsanamira ya chigafa, pamwamba pa mutu wanga. Sichinabwererenso kusukulu, ndipo palibe mphunzitsi amene anabooletsa china.

Mpaka lero, ndili Folomu 4, ndimawauza ana a ku pulayimale kuja kuti akamadya mbatata zawo akucheza m'Chichewa, azidziwa kuti anawamasula ndine. Sindinapepese, ndipo a Mwale sanandiuzepo kuti ndipepese. Fodya atatha anandipezera ntchito ina, yozula mapesi, kenako yosankha masamba, kenako yosoka ziguduli, mpaka malole anabwera. Nthawi imeneyo ndinkadzitama kuti ndawapusitsa, kuti ndapalamula mlandu waukulu n'kulipidwa mondokwa. Pano ndikakumbukira momwe mayi aja ankaimira pakhomo, ndimaona kuti fodyayo akanatha kusoka okha. Pakhomopo panali zii, ndipo mwa ana onse a Sitandade 7, wosatha kukhala chete ndinali ine.