Zigubu Zanga Zatsala ku Polisi

Amene anayamba kundiuza ndi Mayi Nyirenda, mnzanga wa kumvano. Anaimba foni Lachiwiri m'mawa.

"Amake Dalitso, khalani pansi kaye. Apolisi athyola chitseko kumene amakhala mwana wanu ku Hyson Green, ku Nottingham. Landilodi wake uja amabisa mowa wachinyengo m'chipinda chapansi. Mwana wanu amutenganso, akuti zigubu zina zalembedwa dzina lake."

Dzinalo ndinalemba ndine. Munali thobwa la chinkhoswe chake, zigubu zinayi, lophika ndekha, limene ndinamupatsa kuti asunge kwawoko. Dalitso ndi nesi. Mlandu wa mowa ukamugwera, ntchito yatha, mapepala okhalira kunja kuno atheranso pomwepo.

Ndinanyamula botolo la thobwa lotsala, chimera m'kajumbo, ndi Baibulo. Kuchoka ku Highfields, kumene ndimakhala, ndinayenda wapansi mpaka kusiteshoni, tikiti mapaundi folotini.

M'sitima maganizo anathawira ku filimu yakale imene agogo ena amaonera tsiku ndi tsiku kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito: ku America mowa utaletsedwa, apolisi a zipewa akuswa migolo ndi nkhwangwa, mfuti zikulira. Kale ndinkangoseka. Tsikuli ndinkaona mwana wanga atakweza manja pakati pa migoloyo.

Titafika pa Loughborough botolo linayamba kulira m'chikwama, tsiii. Bambo wina wa ku Zambia anasuntha mwendo.

"Amai, mwanyamula bomba kansi?"

"Ndi thobwa, bambo."

"Ndiye litsegulenikoni lipume, tingafe tonse."

Leveni koloko ndinali ku Nottingham, ndinakwera thiramu, kasitima ka m'tauni, mpaka kupolisi. Pakauntala panali wapolisi wamkazi. Chingerezi changa chitandithera, ndinakhuthula chimera patebulo, n'kumwa thobwa iye akuona. Ananunkhiza botolo, anakwinya mphuno, kenako anandipatsa mpando ndi tiyi. Mulungu amudalitse mwana ameneyo.

Fili koloko Dalitso anatuluka, nsapato zilibe zingwe, apolisi atazichotsa.

"Amayi, mpaka chimera ku polisi?"

Ndinangomugwira nkhope. Apolisi anamumasula, koma zigubu anati zitsale, adzaziyeza pakatha masabata awiri kuti aone ngati muli mowa.

Pobwerera, m'sitima ya faifi koloko, maganizo anali pa zigubu zija. Apolisiwo thobwa salidziwa, koma ine ndimalidziwa. Likagona masiku pamalo pofunda limasasa, limawira, limasanduka chimene akufunafunacho. Ndinaliphika msanga chifukwa cha chimwemwe, osaganiza kuti lingadikire m'manja mwa ena.

Abale anga, mukamagwada kumbukirani banja lathu. Pemphani chimodzi chokha: chipinda chimene asungamo zigubu zangazo chikhale chozizira.