Chopondera cha Nsalu za Amayi

Ine ndine munthu wosataya chinthu. Anthu a m'dera lathu pa Mwanza boma amandidziwa: akaona mayi atawerama padzala akutola botolo, safunsanso kuti ndani. Poyamba ankandiseka, amvekere, "Amayi aja mutu sukuyenda bwino." Lero omwewo ndi amene amabwera kudzajambulitsa pabalaza panga. Tayala la lole limene linaphulika pamsewu wa ku Mozambiki ndinalikulunga ndi chingwe cha khonje, pano ndi mpando. Lichero lobooka pakati ndinaikamo galasi, anthu amadziyang'anirapo. Mabotolo a pulasitiki ndimawadula n'kukhala maluwa osafuna madzi. Manja angawa sanandinamizepo.

Koma ntchito imene ndimaidziwa kuposa zonse ndi ya zopondera za pakhomo. Umatenga thumba limene munali manachesi kapena feteleza, kulichapa bwinobwino, kenako n'kumalowetsa tizidutswa ta nsalu m'maso mwa thumbalo ndi kawaya kopinda, kamodzikamodzi, uku ukumanga mfundo. Tizidutswato ndimakatola kwa matelala a mumsika, amene amangosesa n'kutentha. Msana umawawa, zala zimachita matuza, koma pa boma pano palibe wondiposa, ndipo sindikunena modzitama.

Amayi anga anamwalira kwathu ku Thambani chaka china mvula itachedwa. Maliro atatha, achibale tinasonkhana kuti tigawane zovala za malemu monga mwa mwambo. Wogawa anali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi anga, amene anatsala okha pa bere lawo. Amayi amenewa si amasewera. Ndi amene anandilanga nditatha msinkhu, ndi amenenso anandigwira dzanja pobereka mwana wanga woyamba. Amayi atapita, munthu woti ndizimutcha amayi anatsala iwowo basi.

Abale anga anathamangira madiresi a kutchalitchi ndi nsalu zatsopano zomwe zinali zisanalawe madzi. Ine ndinapempha nsalu zitatu zakutha, zimene amayi ankavala tsiku ndi tsiku: yobiriwira ya masamba, yofiira yothimbirira, ndi yachikasu yokhala ndi chigamba. Amayi aang'ono anandiyang'ana kanthawi, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Uzivala, mwana wanga. Uzimukumbuka."

Kuvala sindinavale. Ndinayesa kamodzi, fungo la utsi ndi sopo wawo linandiliza tsiku lonse. Ndinazipinda n'kuziika pansi penipeni pa sutikesi. Patatha zaka ziwiri, tsiku lina ndikufunafuna bulangete, ndinapeza njenjete ndi mphemvu zachita phwando. Nsalu zonse zitatu zinali mabowo okhaokha. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinati ayi, nsalu za amayi anga sizingathere m'mimba mwa mphemvu ine ndili ndi manja. Ndinatenga sizasi tsiku lomwelo.

Milungu itatu ndinali pa thumba limodzi. Chikasu ndinaika pakati, zofiira kuzungulira, zobiriwira m'mphepete. Mfundo zake ndinamanga zothinana moti chala sichikanalowa. Chitatha, ndinachiyala pakhomo lolowera pabalaza, poti zopondera zonse malo ake ndi amenewo. Sindinaganize kawiri. M'mutu mwanga ndinkati polowa ndi potuluka ndiziwaona amayi.

Patapita miyezi, amayi aang'ono anatumiza uthenga kuti akubwera kudzaonetsa maso kuchipatala cha pa boma, ndipo agonera kwanga masiku atatu. Ndinakondwa ngati mwana. Ndinakolopa nyumba yonse, ndinapha nkhuku yoikira mazira, bambo a kunyumba akung'ung'udza. Amayi aang'ono anafika masana pa pikapu ya ku Thambani, fumbi mpaka m'nsidze. Ndinawalandira chikwama, ndikuti lowani amayi, mupumule. Anavula patapata, n'kukweza phazi kuti alowe. Phazi lija linaima m'malere. Analibweza, n'kuwerama mpaka nkhope kutsala pang'ono kugunda pansi, poti maso awo ankaona mwachimbuuzi.

"Iwe, ichi n'chiyani?"

"Chopondera, amayi. Ndinapanga ndekha."

"Ndikuona kuti unapanga wekha. Ndikufunsa nsaluyi."

Ndinawafotokozera za mphemvu, za milungu itatu, za mfundo. Ndinkalankhula monyadira, ndikudikira kuti andiyamikire. Iwo anadzuka pang'onopang'ono.

"Mkulu wanga wamuyala pansi kuti aliyense wochokera kumsika azipukutirapo matope?"

Tsono ine pakamwa panga sipachedwa, ndi matenda anga a kalekale. Ndinati, "Amayi, nsalu ndi nsalu. Ndikanazisiya bwenzi zitatha. Nanga aja anatenga madiresi aja, mwawafunsa kumene ali madiresiwo?"

"Amenewo anavala mpaka kutha, ndiye mwambo wake. Nsalu ya malemu munthu amavala, ikakanika amaisunga. Saipondetsa. Kwathu munthu sadumphidwa ngakhale ali moyo, ndiye ine ndidumphe mkulu wanga? M'nyumba muno sindilowa."

Ndinati chabwino, lowerani khomo la kuseri. Anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndili mtsikana.

"Ndilowere kuseri ngati mbuzi?"

Ndinanyamula chopondera chija msangamsanga n'kuchibisa kumbuyo kwanga. "Chachoka, amayi. Onani, palibe."

"Wachichotsa lero. Nanga mapazi amene apondapo miyezi yonseyi uwachotsa bwanji?"

Anavala patapata, n'kulanda chikwama chawo m'manja mwanga. Anakagona kwa mayi wina wa mpingo wawo wochokera ku Thambani komweko, amene amakhala kuseri kwa msika. Anansi anaona zonse, ena atanamizira kusesa pabwalo dzuwa lili paliwombo. Nkhuku anadya ndi bambo ndi ana. Ine sindinailawe n'komwe. Ndinkadziwa kuti amayi aang'ono akabwerera ku Thambani osaponda m'nyumba mwanga, basi, sadzapondamonso, ndipo ine ndidzakhala wamasiye kawiri.

Bambo a kunyumba anati, "Amayi a ana, ingotenthani chinthucho, mukapepese, nkhani ithe."

"Kutentha? Nsalu za amayi anga ndi msana wanga wa milungu itatu? Inu mukhale chete, mwakhuta nkhuku."

Sindinafune kumva za moto. Ntchito ija inalibe chilema, zimenezo ndinkazidziwa ndipo ndikuzidziwabe. Koma m'mawa mwake nditachiviika m'beseni kuti ndichichape, madzi anatuluka akuda bii. Ndinataya, kuthira ena, akudanso. Ndinakhala pansi n'kumawayang'ana madziwo. Munali matope a wogulitsa makala, a ana ochokera kusukulu, a alendo a bambo, ndi anga omwe, ine mwana wawo. Apo m'pamene mawu a amayi aang'ono anandilowa. Ndinalira pabeseni pomwepo, manyazi atandigwira osati masewera. Ndinachapa kasanu mpaka chikasu chija chinabwerera.

Chikuuma padzuwa, ndinatulutsa matabwa a bedi lakale limene linathyoka miyendo. Ndinabwereka sowo kwa kalipentala woyandikana nafe, n'kudula ndekha, iye akundiseka kuti ndidzicheka. Ndinapala matabwawo ndi chidutswa cha botolo, kuwapaka polishi wa nsapato, kuwalumikiza ngati felemu ya chithunzi, n'kukhomerera nsalu ija m'kati mwake, yokoka bwino mbali zonse zinayi. Pakhoma loyang'anizana ndi khomo panali kalendala ndi chithunzi cha ukwati wathu. Zonse ndinatsitsa. Bambo anatsegula pakamwa, ndinawayang'ana, anatseka. Ndinakwera pampando n'kupachika pamwamba, pomwe munthu wamtali angafike ndi dzanja lokha.

Tsiku lachitatu ndinamva kuti za kuchipatala zatha ndipo amayi aang'ono ali kale pokwerera mapikapu. Ndinathamanga osasintha ndi zovala zomwe. Ndinawapeza atakhalira chikwama chawo, kabotolo ka mankhwala a m'maso kali m'manja. Ine amene sindigwadira munthu wamba ndinagwada pafumbi, akabaza ndi ogulitsa manachesi akuonerera.

"Amayi, ndinalakwa, ndipo ndinakuyankhani mwamwano. Tiyeni mukaone kamodzi kokha. Mukakana, ndibwera nanu pano ndekha, ndipo za nsaluzo mugamula ndinu."

Woitanira anali akukuwa kuti malo atsala a munthu mmodzi. Amayi aang'ono anayang'ana pikapu, anayang'ana ine, kenako anatsonya.

"Dzuka apo, ukundichititsa manyazi. Nyamula chikwamachi. Ndikaima panja."

Titafika, anayang'ana pansi kaye, n'kupeza simenti yokhayokha. Ndinatsegula chitseko mpaka kumapeto n'kuima pambali. Anasuzumira, dzanja lili pachipumi. Anaima choncho nthawi yaitali. Kenako ndinangomva patapata wavulidwa, woyamba, wachiwiri.

Analowa. Anayenda mpaka kukhoma, n'kundiuza kuti ndiwagwire akwere pa kampando. Anayamba kusisita mfundo zija ndi zala, mtundu ndi mtundu.

"Yobiriwirayi tinagula limodzi titagulitsa mtedza, tinang'ambirana pakati. Yanga inatha kalekale. Yofiirayi ndi imene anakuberekera popita nawe kuchipatala utadwala chikuku, wapansi, mvula ili pamsana. Chigamba ichi cha pa yachikasu ndinasoka ndine, anakodwa paminga kudimba."

Zonsezi ine sindinkazidziwa. Ndinadula nsaluzo ndi manja anga, ndinazimanga mfundo imodziimodzi, koma nkhani zake ndinazimva tsiku limenelo, nditawagwira m'chiuno kuti asagwe. Anatsika, kupukuta m'maso, n'kunena kuti ndi mankhwala aja akuwayabwa. Anakhala pampando wa tayala, anaudinikiza kawiri kuti aone ngati uli wolimba, n'kufunsa ngati nkhuku ija inatha. Ndinati inatha. Anati amuna a masiku ano alibe chisoni.

Ndili pafupi kupita kukhitchini, anandiitana. Anali atamasula nsalu yawo yapamwamba, yakuda ya madontho oyera, yofwifwa ndi dzuwa la kumunda. Anaipinda bwinobwino pamiyendo n'kundipatsa.

"Pambali pa mkulu wanga patsala malo. Iyi uyambe kudula ndikadali moyo, ndiione ndi maso angawa asanatheretu."

Ndinati amayi musalankhule choncho. Iwo anandikodola ndi chala kuti ndiyandikire.

"Koma pakhoma, wamva? Ukadzandiyala pansi, ndidzakubwerera."