Waya wa a Osadula

Dzina lawo lenileni linkadziwika ku ofesi yokha. Ena onse pakolejipo ankangoti a Osadula. Anaphunzitsa zamagetsi zaka makumi awiri ndi zisanu m'chipinda chimodzimodzi, cha mabolodi asanu okhomedwa kukhoma, lililonse ndi babu ndi swichi yake. Waya analipo mpukutu umodzi, womwe koleji inagula chaka chimene iwo ankayamba ntchito. Ndiye lamulo loyamba m'kalasimo linali loti waya sadula. Akatalika, umangomupinda. Ukamaliza kulumikiza umamasula, n'kumuwongola pabondo, kuti a chaka chamawa adzampeze.

Magetsi enieniwo sankafika pamabolodipo, poti akuluakulu ankaopa ngozi. Wophunzira akadina swichi, a Osadula ankaliyang'anitsitsa babu lozimalo n'kugamula kuti, "Layaka." Akakhala kuti sanadzuke bwino ankati, "Silinayake, bwereza." Babu limenelo linatulutsa akatswiri mazanamazana, aliyense ndi satifiketi ya chidindo chonyezimira.

Eni mafakitale ankalemba makalata odandaula kuti anawo sadziwa makina amakono. A Osadula ankangoseka. "Magetsi ndi omwewo, anasintha liti?" Makalatawo sankapita pachabe ayi, ankatsekera zenera losweka mvula ikamagwa.

Kenako mwana wawo wamkazi, yemwe anakhoza kuposa onse m'kalasi mwa bambo ake, anatengedwa pafakitale ya mabotolo kuti amuyese mwezi umodzi. Sabata isanathe anabwera kunyumba maso ali psuu. Anali atauzidwa kuti Lachisanu ndi tsiku lake lomaliza. A Osadula zinawapweteka kwambiri. Anavala jekete la pamisonkhano, satifiketi ya mwanayo m'khwapa, ulendo kukafunsa kuti mbuli yake ndi iti yosadziwa katswiri.

Mbuliyo inapezeka kuti ndi kapitawo amene iwo omwe anamuphunzitsa kalekale. Anawalandira ndi manja awiri, n'kuwatengera pabokosi la magetsi la makina otsuka mabotolo. Mwana uja anaima pambali, mutu pansi. Kapitawoyo atatsegula chitseko, waya anakhuthuka ngati matumbo a mbuzi, wopindidwa bwinobwino, wosadulidwa ngakhale mmodzi.

"Ntchito yaukhondo," anatero a Osadula monyadira.

"Yaukhondo zedi, aphunzitsi. Chitseko chokha ndiye sichitsekeka, waya akutentha, makina aima masiku awiri. Inetu zinanditengera zaka ziwiri kuti ndiiwale zimene munandiphunzitsa. Koma masiku ano bwana alibe zaka ziwiri zodikira munthu."

"Mwanayu anakhoza bwino, taonani pepalali."

"Pepala nanenso ndili nalo." Kapitawo uja anawapatsa pulayala n'kuloza waya wofiira. "Dulani apa kuti aone. Akaona kwa inu akhulupirira, ndipo ntchito ndi yake."

A Osadula anagwira pulayalayo. Wayayo anali watsopano, wosalala, wosapindikapo chiyambire, woti makalasi khumi akanaphunzirirapo. Anthu a m'fakitalemo anasiya ntchito n'kumaonerera.

"Nanga kotsalako mupita nako kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kudzala, aphunzitsi."

"Kudzala!"

Anaimabe choncho, pulayala ali yasa. Anadziwa kuti ntchito ya mwana wawo ili m'dzanja lawolo, koma dzanjalo linakana, ndipo anachita manyazi amene sanachitepo chibadwire.

"Ababa, patseni," anatero mwana uja.

Anawalanda pulayalayo, n'kudula. Anadulanso wachiwiri, wachitatu, osawayang'ana n'komwe bambo ake. Chitseko chinatsekeka. Atadina swichi, kababu kobiriwira kanayaka kokha, popanda wokauza kuti kayaka.

"Lolemba ubwere," anatero kapitawo.

Atacheuka kuti atsanzikane ndi aphunzitsi ake, anawapeza atagwada pansi ndi jekete lawo la pamisonkhano lija, akutola tiziduswa ta waya n'kumaika m'thumba. Lolemba iwonso anali ndi kalasi.