Nkhungu M'kati mwa Lole pa Ulendo wa ku Namitete

Tinanyamuka kwathu, kuseri kwa Kabudula, mbandakucha wa Loweruka lina m'mwezi wa Juni, chaka chimene ine ndi koleji ya aphunzitsi tinagwirizana zopatsana mpata. Ulendo unali wa ku Namitete, kukakwatitsa mlongo wanga Anasitaziya. Mkwati, Lukasi, anali wakumeneko, ndipo Lolemba lake amanyamuka kupita kumigodi ku Joni. Ansembe anali atanenetsa kuti amanga maukwati Misa ikangotha, kenako akwera njinga yamoto kukayendera matchalitchi akutali. Tikanachedwa, Lukasi akanapita ku Joni ali mbeta, ndipo a ku Joni sadziwika kubwera kwawo.

Lole inali ya a Jailosi, mtchona amene anabwera nayo kuchokera ku Halale. Bambo anapangana nawo mbuzi imodzi ndi mashileni khumi. Petulo masiku amenewo amapezeka kwa amwenye ku Lilongwe basi, choncho a Jailosi asanalize injini anaviika kamtengo m'thanki, n'kukayang'anitsitsa ngati sing'anga.

"Akwana," anatero. "Bola tiziyenda pa giya yaikulu. Yaing'ono ija ndi chidakwa."

Kutsogolo tinapanikizana anayi: a Jailosi, mkwatibwi, azakhali athu a Nangozo, ndi ine kuchitseko. Bambo, ankhoswe, amayi oimba ndi nkhuku anali kumbuyo pamtetete. Anasitaziya anavala diresi yoyera yobwereka kwa mkazi wa mphunzitsi wamkulu. Dzulo lake anamkungwi anali atamulangiza kuti mkwatibwi amazyolika, salankhula, saseka, mpaka atalowa m'tchalitchi. Azakhali anakwera ngati wapolisi wa lamulo limeneli. Anawonjezapo lawo: mazenera atsekedwe, fumbi lofiira lingadetse diresi ya eni ake.

Tisanafike pa Nsaru, galasi lakutsogolo linachita nkhungu. Osati kunja ayi, m'kati. A Jailosi anatsitsa giya, lole n'kuyamba kubuula ngati ng'ombe yokoka chitsa. Ine, monga munthu wophunzira, ndinapatsidwa udindo wopukuta. Ndinkadutsitsa mkono pamwamba pa azakhali ndi mkwatibwi kukapukuta mbali ya dalaivala ndi mpango wanga, koma pobweza mkono, nkhungu inali itabwerera kale.

"Iwe Fabiano, chigongono chakocho!" anatero azakhali.

"Ku Halale ndinamva," anatero a Jailosi, mphuno ili pagalasi, "kuti ku Amereka kuli galimoto zokhala ndi makina ouzira mphepo yozizira, youma. Ukangodina, galasi limayera lokha."

"Bwanji simunagule yoteroyo?"

"Makinawo akuti amamwa petulo kuposa mwini galimoto. Inu ndinu abwino, aphunzitsi. Simumwa kanthu."

Ndinaona kuti nthawi yakwana yoti maphunziro anga abale zipatso. Ndinafotokoza mwaulemu kuti mpweya wotuluka m'kamwa mwa munthu ndi wofunda komanso wachinyezi, ndipo ukagunda galasi lozizira umasanduka timadontho. Njira zinalipo ziwiri: kutsegula mazenera, kapena kupuma mosinthanasinthana.

"Yamba ndiwe kusiya," anatero azakhali. "Tikuuza nthawi yako ikakwana."

Pa Nsaru sitinaime. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anathamangira lole, bambo n'kumuponyera kandalama ka tiki, iye n'kuponya zitumbuwa m'mwamba. Zina zinagwera anthu, zina nkhuku. Dzuwa linali likutuluka, ndipo kuwala kwake pogunda galasi lankhungu kunangochititsa zonse kuyera mbuu. Tinkayenda ngati tili m'kati mwa botolo la mkaka.

Pa dambo lina, tikuyandikira mlatho wamitengo, anthu akumbuyo anakuwa pamodzi n'kumenya denga. A Jailosi anaponda buleki. Nditapukuta, tinaona nkhope ya ng'ombe, pafupi kwambiri moti inkatipumira galasi kunja kwake, ngati kuti m'kati simunakwane. Inali ngolo ya fodya. Mwini wake, mkulu wachipewa chamlaza, anabwera pazenera la dalaivala.

"Kodi akuyendetsa ndani, wamaso kapena?"

"Pepani, wawa. Galasi."

"Nanga si mutsegule? Ng'ombe zangazi zilibe galasi, koma onani zaima zokha."

A Jailosi anatsika n'kuviikanso kamtengo kaja. Anabwera nkhope itagwa.

"Mayi, ndinene zoona. Ndi giya yaing'onoyi petulo atithera pa Msundwe. Ndikufuna kuona msewu kuti ndithamange. Mazenera atsegulidwe."

"Diresi n'njobwereka," anatero azakhali. "Mwana wa mlongo wanga sakalowa m'tchalitchi ngati wochokera kowumba njerwa."

Apa m'pamene mphuno yanga, imene inapindula ndi koleji kuposa mutu, inanunkhiza kanthu. Ndinatukula nsalu imene inali kumapazi kwa mkwatibwi. Pansi pake panali mphika wa mbatata yophika, wotentha, ukutulutsa nthunzi mwakachetechete. Azakhali anauika pamenepo kuti mapazi a mwana asazizidwe. Njira yonseyi ndinkapukuta chikondi cha azakhali.

"Umenewo suchoka," anatero iwo. "Akatsokomola pamaso pa ansembe, mudzati chiyani?"

Kumbuyo amayi anali atasiya kuimba. Ndiye mkwatibwi, amene chiyambire ulendo amayang'ana mawondo ake, anadzutsa mutu.

"Alongo, patsirani mphikawo kumbuyo. Muwauze bambo andibwereke jasi."

"Anasitaziya!" anakuwa azakhali. "Malangizo aja?"

"Ndawasunga, azakhali. Koma anandilangiza kuti ndikhale chete popita ku ukwati, osati pobwerera kwathu wopanda mwamuna. Tsegulani mazenera, a dalaivala."

Jasi la bambo linali la kunkhondo, lolemera, lofika kuakakolo. Anasitaziya analivala pamwamba pa diresi, n'kumanga mabatani mpaka pakhosi. Mphika unapita kumbuyo, kumene unalandiridwa ndi nthungululu. Tinatsitsa mazenera onse awiri. Mphepo ya Juni inalowa ngati ili ndi mlandu nafe, ndipo tisanamalize kuwoloka mlatho galasi linayamba kuyera lokha, kuyambira m'mbali. Makina a ku Amereka anali atafika ku Nyasalandi, aulere. Ine ntchito inandithera pomwepo, kachiwiri chaka chimodzi.

Pa Msundwe tinalowa msewu waukulu wa ku Fort Manning, kumene lero timati ku Mchinji. A Jailosi anaika giya yaikulu. Pa chitsikiro chilichonse ankazimitsa injini, lole n'kumatsetsereka yokha, ife n'kumangomva mano a azakhali akugundana ndi nyimbo ya amayi kumbuyo. Fumbi linalowa monga azakhali ananenera. Palibe anadandaula, chifukwa kutsegula pakamwa kunali kudya msewu.

Petulo anatha belu la kumishoni likumveka. Injini inatsokomola, n'kukhala chete ngati mkwatibwi wolangizidwa bwino. Amuna tinatsika kuti tikankhe, koma Anasitaziya sanadikire. Anatsika, n'kuyamba kuyenda mwandawala, jasi likukwekwereza pansi, azakhali akuthamanga pambuyo pake atanyamula nsapato zake. Ife tonse tinasiya lole n'kutsatira ngati gulu la asilikali kumbuyo kwa sajeni.

Njinga yamoto ya ansembe inali itatulutsidwa kale panja, katundu atamangidwa. Lukasi anali pakhomo la tchalitchi, akupotokola chipewa m'manja. Ataona chijasi chikubwera anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anasitaziya anamasula mabatani, n'kundipatsa jasi. Diresi inali yoyera mbee. Nkhope yokha ndiyo inali yofiira ngati chulu, ndipo azakhali anaipukuta ndi mpango wanga uja, umene unali wonyowa kale mokwanira. Anasitaziya ndi Lukasi anali omaliza kumangitsa ukwati tsikulo.

Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuti galasi loyera limalipiridwa ndithu: ku Amereka ndi petulo, kwathu kuno ndi chisanu. Pa madyerero ndinamva azakhali akuuza akuchimuna kuti mwanayo ndi wolangizika, njira yonse sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Anatembenukira kwa ine.

"Si choncho, Fabiano?"

Ndinagwedeza mutu. M'kamwa munali mbatata.