Wotchi ya ababa ndi mzinga wa padoko

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinakonza wotchi ya ababa, wotchi imene sinali yowonongeka. Tinali titakhala ku Liverpool zaka zitatu, koma iyo inkanenabe nthawi ya ku Malawi. Zinkandichititsa manyazi. Mayi wina atawafunsa nthawi m'basi, ababa anayamba kuwerengera zala ngati mwana wa sitandade wani.

Loweruka lina m'nyengo yozizira ababa anabwera kuchokera kuntchito yawo yokolopa ali wefuwefu, n'kugona m'mawa womwewo. Ndinatenga wotchiyo, ndinaibweza maola awiri, ndikudziona wanzeru.

Agogo, amayi awo, anali m'chipatala ku Zomba, opanda foni. Azakhali ankawapititsira chakudya 12 koloko, n'kutulutsidwa wani koloko. Mpata wolankhula nawo pa foni ya azakhali unali womwewo. Ababa atadzuka anadikira wotchi ikwane 12, n'kuimba.

"Achimwene, ndili kale m'minibasi," anatero azakhali. "Amayi amakufunsani mpaka atopa."

Mawa lake agogo anatisiya.

Ababa sanandimenye. Bola akanandimenya. Patapita masabata angapo ananditenga pa boti kuwoloka mtsinje wa Mersey, mphepo ikutibaya m'makutu, mpaka pa mzinga wakale wapadoko, chimfuti chachikulu. Anakhala pansi ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Kale mzinga uwu unkalira wani koloko tsiku lililonse," anatero. "Amalinyero amve, aone ngati wotchi ya m'sitima ili bwino asananyamuke. Paulendo wonse samaikhudza. Imasunga nthawi ya kwawo. Pakati pa nyanja amaiyerekeza ndi dzuwa, n'kudziwa kuti atalikira bwanji. Wina akaisokoneza, sitima imakagunda miyala."

Ndinapepesa m'Chingerezi, chifukwa Chichewa chinandithawa. Kenako ndinati andipatse ndiibwezere momwe inalili.

Anayang'ana wotchiyo nthawi yaitali, maso ali ofiira ndi tulo.

"Isiye choncho, mwanawe. Amene ndimawasungira nthawi kulibe."

Lero ndine wamkulu, ndipo nanenso ndimafika kunyumba miyendo ikuwawa. Ndikumvetsa tsopano kuti ababa sankalephera kuzolowera kuno. Akayang'ana pamkono ankadziwa kuti amayi awo adzuka, apita kumunda, akhala pakhonde. Wotchiyo amaivalabe, ndipo munthu akawafunsa nthawi m'basi amayankha msanga, osawerengera zala. Ine ndimayang'ana kuzenera.