Sipiriti Wosafika pa Mzere

Kulabotale ankawatchula a Mpandowotentha, poti kukhala pansi kunali ngati chilango kwa iwo. Akaviika botolo m'beseni la madzi ofunda, chotsala n'kudikira basi kuti kutentha kukhazikike. Koma iwo ayi ndithu: apite pawindo, abwerere, apukute tebulo lopukuta kale, ayang'anitsitse sikelo ngati yawalakwira. Miyendo yawo inayamba kuyabwa chaka chimene anasiya mowa. Kale anali chidakwa chotheratu, mpaka akazi awo anatsitsa sutikesi pamwamba pa wodiropu n'kunena kuti, "Abambo, sankhani, ine kapena botolo." Anasankha mayi. Ndiye taonani zoseketsa za dziko: ntchito imene anaipeza inali yosakaniza sipiriti, mowa waukali uja, ndi madzi tsiku lonse!

Ankasakaniza ziwirizi mosiyanasiyana, n'kuyeza kulemera kwa kabotolo kodzaza, kenako n'kuthira m'kachitsulo kotumiza phokoso losamveka ndi khutu, kuti aone liwiro limene phokosolo likudutsira. Manambalawo ankapita kwa a dokotala, eni kafukufuku, amene ankadziwirapo mmene tizinthu tosaoneka ta m'madzimo tagwirirana.

Madzulo aliwonse mayi ankawalandira jekete pakhomo, n'kusendeza mphuno pafupi ndi pakamwa pawo, ngati akukonza kolala. Onse awiri ankadziwa chimene chikuchitika, koma panalibe wonena.

Tsoka linabwera ndi mayi wokolopa, uja pakamwa pake sipatsekeka. Anaona bambowa akuyeza sipiriti, akuyeza madzi, n'kuthira zonse m'galasi lalikulu, koma zosakanizazo osafika pa mzere wofunika. Mawa lake chimodzimodzi. "Ii, zosowazo zikulowa pakhosi pa ndani?" anayamba kufunsa anzake. Nkhani ilibe miyendo koma imathamanga: inakwera minibasi, inapeza mlamu wawo, inafika kunyumba iwo asanaweruke.

Anapeza sutikesi ili pabedi.

"Mwayamba kumwa za kuntchito?" anafunsa mayi.

"Mayi, simundinunkhiza tsiku lililonse kodi?"

"Chidakwa sichisowa nzeru. Mwina mumatafuna ndimu."

Anawapweteka kwambiri bambo mawu amenewa. Chakudya chinawakanika, anangozungulirazungulira pabalaza mpaka mphaka anathawira panja.

M'mawa anapempha chilolezo kwa a dokotala, n'kubwera ndi mayi kulabotale. Anawaveka chovala choyera, chimene chinawathina m'mapewa.

"Thirani nokha. Ine manja ndaika kumbuyo."

Mayi anayeza sipiriti, anayeza madzi, mosamala ngati akuyeza mankhwala a mwana, n'kusakaniza. Bambo kumbuyoko akungopondaponda. Zosakanizazo zinakwera, zinakwera, n'kuima pansi pa mzere.

"Aa! Zapita kuti? Komanso galasili lafunda!"

"Sizinapite kulikonse," anatero bambo. "Mukathira mpunga m'nyemba, si umalowa m'mipata? Izinso zalowana, zagwirana zolimba. Ndi zimene timamvetsera ndi phokoso lija."

Mayi sanakhutire. Anatsuka magalasi, anabwerezanso, maso ali pa mzere. Chimodzimodzi. Mayi wokolopa, amene ankakolopa malo amodzi chilowere iwo, anatola chidebe chake n'kutuluka mwakachetechete.

"Pepani abambo," anatero akazi awo motsitsa mawu. "Ndakulakwirani, ndipo si lero lokha."

Tsiku limenelo a Mpandowotentha anayenda ngati apatsidwa miyendo yatsopano. Anaweruka akuimba mluzu, anafika pakhomo, n'kuima mmene ankaimira, chibwano atakweza pang'ono.

Mayi analandira jekete ali chapatali, mwaulemu, anaikoloweka pamsomali n'kubwerera kukhitchini. Sutikesi inali itabwerera pamwamba pa wodiropu. Awakhulupirira tsopano.

Bambo anangoti njo pakhomopo, miyendo yosakhazikika ija itaima zii. Apa m'pamene anazindikira kuti zaka zonsezi, nkhope ya akazi awo inkayandikira yawo pa nthawi imeneyi yokha. Mtima unawawa.

"Mayi," anaitana, "kolala iyi simunakonze."